Soya wopanda timibulu m'munda wa kumtunda kwa Dedza: zimene tinapeza pa tiubweya ta mizu

Lipotili ndi la munda umodzi wa soya, wa mayi wina wa m'kalabu ya alimi kumtunda kwa Dedza, dera la mvula yambiri ndi dothi lofiira la katondo. Ndalembera anzanga alangizi, chifukwa dandaulo limene linabwera ndi lomwe tonse timalimva chaka chilichonse soya akachita chikasu: "inokulanti uja anali wakufa." Inokulanti ndi mabakiteriya amoyo opaka pa mbewu kuti mizu ipange timibulu togwira nayitirojeni wa mumpweya. Pa munda uwu inokulanti anali wamoyo. Vuto linali pa tiubweya ta mizu, pamene mbewu ndi mabakiteriya zimakumanirana.

Mbiri ya munda

Mundawu ndi woposa pang'ono ekala imodzi, uli potsetsereka, ndipo chapakati pake pali chulu chakale chophwasuka. Kwa zaka zambiri unkalimidwa chimanga chokhachokha. Feteleza wokulitsa anali 23:21:0+4S, wobereketsa urea, ndipo zaka zina sulphate of ammonia akapezeka wotchipa. Mapesi ankaunjikidwa n'kuotchedwa. Laimu sanathiridwepo. Mayiwa anati chimanga chinali chitayamba kubwerera m'mbuyo ngakhale feteleza akuthira wofanana, ndipo n'chifukwa chake anasintha n'kubzala soya.

Kalabu inagula mbewu ndi inokulanti pamodzi. Nditawafunsa mmene anapakira, panalibe pokonza: pamthunzi, m'mawa, ndi timadzi ta shuga pang'ono, n'kubzala tsiku lomwelo m'Disembala dothi lili lonyowa, tinjira tiwiri pa mzere uliwonse. Pangodya ya kumunsi anasiyapo kamalo ka mtedza.

Zizindikiro

Mbewu inamera bwino. Chakumapeto kwa Januwale, nthawi imene soya amayenera kukhala atatseka mizere, wambiri anali wamfupi, tsinde lowonda, masamba achikasu kuyambira akumunsi. Koma munda sunali wofanana wonse. Kuzungulira chulu soya anali wobiriwira bii, wofika m'mawondo. Panalinso timalo tozungulira apa ndi apo tobiriwira chimodzimodzi, ndipo mwana wa mayiwa ndi amene anatiuza kuti ndi pamene ankaotchera mapesi. Mtedza wa pangodya unalibe vuto.

Tinakumba ndi khasu, osati kuzula, chifukwa pozula timibulu timatsalira m'dothi ndipo mlangizi amalemba kuti palibe pomwe tilipo. Titatsuka mizu mu ndowa, kusiyana kunaonekeratu. Soya wa pachulu anali ndi mizu yaitali yoyera, timibulu tothithikana chakumtunda kwa muzu waukulu, ndipo tikatiphwanya ndi chikhadabo mkati munali mofiirira, kusonyeza kuti tikugwira ntchito. Wachikasu anali ndi mizu yaifupi, yonenepa, nsonga zakuda zothothoka msanga, timizu ta m'mbali tongotuluka n'kuima. Timibulu kunalibe, mwina kamodzi kakang'ono koyera mkati.

Anthu a m'kalabu anali atagwirizana kale zopita kwa wogulitsa kukaitanitsa ndalama zawo. Mayi mwini munda anati, "Alangizi, ifetu tinatsata zonse zimene munatiuza. Akanakhala mankhwala abwino bwenzi zili chonchi?" Ndinawayankha kuti, "Mayi, mbewu ya pachulu ija ndi iyi munapaka m'beseni limodzi, ndi dzanja lomwelo. Tiyeni tiyambe taona chimene chasiyanitsa."

Kuyesa inokulanti

Kubiriwira kwa pachulu pakokha sikunali umboni wokwanira, chifukwa m'dothi la chulu mukhoza kukhala mabakiteriya achilengedwe amene anapanga timibulu popanda thandizo la inokulanti. Mwamwayi bambo wina wa m'kalabu anali ndi paketi yosatsegula ya gulu lomwelo, yosungidwa pozizira kuseri kwa mtsuko. Tinatenga dothi la pachulu ndi la pachikasu, n'kuliphika ndi nthunzi mu mgolo kuti mabakiteriya onse afe, n'kuliika m'zigubu zodula. M'dothi lililonse tinabzalamo mbewu yopaka ndi yosapaka. Amene mudzachite izi dziwani kuti kuphika dothi la asidi kumasungunula manganizi, ndiye maonekedwe a masamba m'zigubu zotere musawakhulupirire kwambiri, yang'anani mizu.

Patatha pafupifupi mwezi, dothi la pachulu lopaka linali ndi timibulu, losapaka linalibe. Dothi la pachikasu linalibe timibulu, lopaka ndi losapaka lomwe. Apa nkhani ya wogulitsa inathera pomwepo.

Zotsatira za ku labu yoyeza nthaka zinagwirizana nazo. Pachikasu pH, muyeso umene umatsika asidi akachuluka, inali pansi pa 5, kashiamu ndi fosifolasi ochepa, aluminiyamu wosungunuka wambiri. Pachulu pH inali pafupifupi 6 ndipo kashiamu analipo wokwanira. Aluminiyamu ali m'dothi lililonse la katondo, koma amakhala womangika. Amayamba kusungunuka pH ikatsika pansi pa 5.5, ndipo ikadutsa 5 ndiye amachuluka msangamsanga. Mvula yambiri imakokolola kashiamu ndi maginiziyamu kupita pansi, feteleza wa ammonia ndi urea amawonjezera asidi chaka ndi chaka. Chiswe chimatulutsa dothi la pansi lokhala ndi michere yotere, ndipo phulusa limachepetsa asidi. Timalo tobiriwira tija tinali tolongosoka motero.

Zimene tinaona pa tiubweya

Mpaka apa wina akhoza kunena kuti mabakiteriya anangofa ndi asidi basi. Asidi amawavutadi, koma bakiteriya wa soya, Bradyrhizobium, amapirira asidi kuposa mabakiteriya a nyemba zina zambiri. N'chifukwa chake tinayang'ananso mbali ya mbewu. Tinameretsa soya m'madothi awiri aja kwa masiku ochepa, n'kutsuka timizu mosamala, n'kuyang'ana ndi galasi la m'manja lokuza kakhumi, kenako pa maikulosikopu ya pasukulu ya sekondale yapafupi.

Muzu wa m'dothi la pachulu, kumbuyo pang'ono kwa nsonga, unali ndi ubweya woyera wothithikana, kuyambira tatifupi tongotuluka kumene mpaka tatitali towongoka. Wa m'dothi la pachikasu unali pafupifupi wosalala. Tiubweya tochepa timene tinalipo tinali tatifupi, totupa kunsonga, tina tophulika, ndipo khungu la nsonga ya muzu linali long'aluka. Titaviika timizu mu haematoxylin, utoto womwe amagwiritsanso ntchito m'malabu a zipatala, nsonga za pachikasu zinada kukhala zapepo, chizindikiro choti aluminiyamu wamatirira. Za pachulu zinatsala zoyera.

Kuti zimenezi zimveke, tiyenera kulowa m'kaubweya komweko. Kaubweya kamodzi ndi selo imodzi yokha, yotumphuka pakhungu la muzu, yowonda kangapo kuposa tsitsi la munthu, ndipo imakula kunsonga kokha. Kachikopa kokuta seloyo kali ndi timapampu ta mapuloteni totulutsa ma-ayoni a haidirojeni kunja usana ndi usiku. Ma-ayoni ndi tizidutswa ta michere tonyamula magetsi, ndiye kupopa kumeneku kumasiya mkati mwa selo muli magetsi otsika kuposa kunja, pakati pa mamilivoti (muyeso wa magetsi ang'onoang'ono) -120 ndi -200. Selo ya mtsempha wa ubongo wa munthu imangofika pafupifupi -70. Ofufuza amayeza zimenezi pobaya selo ndi kasingano kagalasi pansi pa maikulosikopu. Ife kumunda timaona zotsatira zake zokha.

Magetsi amenewa ndi amene muzu umadyera. Potaziyamu amakokedwa nawo kulowa kudzera m'tizipata tapadera ta mapuloteni, monga kotchedwa AKT1 kamene kanapezeka mu kachomera kofufuzira ka Arabidopsis. Nayitireti ndi fosifeti amalowa atatsagana ndi haidirojeni amene akubwerera mkati. Pampu ikafooka, zonsezi zimafooka.

Koma chofunika kwambiri pa nkhani yathu ndi kashiamu. Selo imasunga kashiamu wa mkati ali wochepetsetsa, kuchepa nthawi zikwizikwi poyerekeza ndi wa kunja, kotero kuti kachipata kakangotseguka pang'ono, kashiamu wolowayo amakhala uthenga. Kunsonga kwa kaubweya kamene kakukula kumakhala kashiamu wambiri kuposa kumbuyo, ndipo ndi iye amalozera kumene zomangira khoma latsopano zipite. Kashiamu wa kunsonga akazimirira, kaubweya kamaima. Mu 2000, Anne-Aliénor Véry ndi Julia Davies ku Cambridge anayeza tizipata ta kashiamu pansonga penipeni pa tiubweya ta Arabidopsis. Anapeza kuti timatseguka magetsi a mkati akatsika kwambiri, ndiponso kuti aluminiyamu amatitseka.

Ndiye taganizani kaubweya kamene kakutuluka m'dothi la pH yosakwana 5. Kunja kuli kale haidirojeni wambiri, pampu ikukankha movutikira. Kashiamu m'madzi a m'dothi ndi wochepa. Aluminiyamu, wonyamula magetsi atatu pamene kashiamu ali ndi awiri, akulanda malo a kashiamu pakhoma la selo n'kuliumitsa, akumatirira pakachikopa, akutseka tizipata. Ofufuza a ku University of Queensland, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anaonetsa pa soya yemweyu kuti aluminiyamu wochepa chabe amafupikitsa ndi kuchepetsa tiubweya, ndi kuti kuwonjezera kashiamu m'madzi omeretsera kumachepetsa vutolo. Zimene tinaona pa maikulosikopu ya pasukulu ija n'zomwezo.

Mmene bakiteriya amalowera

Alangizi ambiri timaphunzitsa ngati kuti bakiteriya akangokhudza muzu, kambulu kamatuluka. Pali kukambirana kaye, ndipo kumafanana ndi mlendo wofika pakhomo: amati odi, mwini nyumba amamva, kenako n'kutsegula. Muzu wa soya umatulutsa timankhwala totchedwa genistein ndi daidzein. Bakiteriya akatimva amapanga kake kotchedwa Nod factor, kamene kapangidwe kake kanadziwika mu 1990 ku Toulouse. Kamankhwalaka kakagwira pakachikopa ka kaubweya, yankho loyamba ndi la magetsi. M'timphindi tochepa kashiamu amalowa chakunsonga, kolorayidi amatuluka, magetsi a selo amasintha ndi mamilivoti pafupifupi 20, kenako potaziyamu amatuluka kuwabwezeretsa. David Ehrhardt, Sharon Long ndi mnzawo anayeza kusintha kwa magetsi kumeneku ku Stanford mu 1992 pa tiubweya ta alfalfa, nyemba ya ziweto.

Mu 1996 gulu lomwelo linapeza yankho lachiwiri, limene kwa ine ndi lochititsa chidwi koposa. Pakatha mphindi pafupifupi 10, kashiamu wozungulira phata la selo, mmene mumakhala majini, amayamba kukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, pafupifupi kamodzi pa mphindi iliyonse, ndipo amapitiriza kwa nthawi yaitali. Tizipata tochita zimenezi tili pakachikopa ka phatalo. Kena kamatchedwa DMI1, ndipo tina totchedwa CNGC15 tinadziwika mu 2016 ku John Innes Centre ku Norwich. Puloteni ina imawerenga kugunda kumeneku n'kudzutsa majini opanga kambulu. Apo m'pamene kaubweya kamapinda nsonga n'kutsekera bakiteriya, n'kumupangira kanjira kolowera mkati mwa muzu.

Zinthu ziwiri zofunika kumunda zikutuluka apa. Choyamba, kaubweya koyankha ndi kamene kakukula kumene. Pa soya, malo olowera bakiteriya ndi kachigawo kakang'ono kumbuyo kwa nsonga, ndipo kachigawo kalikonse kamalandira kwa maola ochepa okha, kenako kamakhwima. Muzu umene nsonga yake yaima sukupanga malo atsopano olowera. Chachiwiri, asidi amaluma kwambiri pa nthawi yomweyi. Kale mu 1968, D. N. Munns anaonetsa pa alfalfa kuti gawo losapirira asidi ndi loyambirira, la kupinda kwa kaubweya. Likadutsa bwino, kambulu kamatha kupitiriza kukula ngakhale pH itatsika pambuyo pake.

Nanga mtedza wa pangodya uja? Mtedza sudalira kupinda kwa kaubweya. Mabakiteriya ake amalowera m'timing'alu timene timachitika pamene timizu ta m'mbali tikuboola muzu waukulu, ndipo n'chifukwa chake timibulu ta mtedza timakhala m'mphanda za mizu. Mtedza umapiriranso asidi kuposa soya, ndipo mabakiteriya ake ali kale m'minda yathu yambiri. Mtedza wobiriwira pafupi ndi soya wachikasu usakunamizeni kuti dothi lili bwino.

Zimene tinasankha

Maganizo atatu anabwera kuchokera m'kalabu, ndipo awiri tinawakana.

Ena anati tisungunule inokulanti watsopano m'madzi n'kuthira m'mizere. Njirayi imathandiza nthawi zina pamene vuto linali kupaka, dothi lili labwino. Pano ikanangotaya ndalama, poti mizu inalibe polowera.

Ena anati chaka chamawa abzale Tikolore, mtundu wa soya umene umapanga timibulu ndi mabakiteriya achilengedwe ngakhale osapaka. Tikolore amathetsa vuto la kusowa kwa bakiteriya woyenera, koma bakiteriyayo amalowerabe pa kaubweya. N'zoona kuti mitundu ya mbewu imasiyana popirira aluminiyamu, ndipo naponso ntchito ndi ya tizipata. Mu 2004 ofufuza a ku Okayama ku Japan anapeza mu tirigu kachipata kotchedwa ALMT1, kamene aluminiyamu mwiniwakeyo amakatsegula, n'kutulutsa kamankhwala kotchedwa malate kokamanga aluminiyamuyo asanalowe. Soya amatulutsa citrate pa ntchito yomweyo. Koma chitetezo chotere chili ndi malire, ndipo pa pH ya mundawu sindikanalola mlimi kudalira icho chokha.

Ganizo lachitatu linali lothira feteleza wa nayitirojeni kuti apulumutseko chaka chimenecho. Nthawi zonse timaletsa zimenezi pa soya chifukwa nayitirojeni wambiri amalepheretsa timibulu, koma apa panalibe timibulu tolepheretsa. Tinagwirizana zothira CAN pang'ono pa gawo limene linali ndi moyo, osati urea kapena sulphate of ammonia, chifukwa CAN sawonjezera asidi kwambiri ndipo ali ndi kashiamu. Masamba anabiriwirako, makoko anabwera ochepa. Zokolola za chaka chimenecho zinali zongobwezera mbewu ndi kutsalako pang'ono.

Ntchito yeniyeni inali laimu. A ku labu analangiza pafupifupi matani 2 pa hekitala, omwe ndi matumba 16 a makilogalamu 50 pa ekala. Kwa mayi amene wangoluza chaka, mtengo ndi mayendedwe a katundu wotere sizinali zotheka. Tinagawa munda m'mizere yoyandikana: ina laimu ndi manyowa, ina manyowa okha, ina osathira kanthu. Laimu tinasankha wa dolomite, wokhala ndi maginiziyamu. Anathiridwa atangokolola, dothi likadali ndi chinyezi, pamizere yakale ndi m'makwawa mwake, kenako mizere inagalauzidwa nthawi yomweyo m'malo modikira Okutobala. Laimu amasungunuka pang'onopang'ono ndipo amafuna chinyezi. Wowaza pamwamba tsiku lobzala sakanafika pa timizu toyamba pa nthawi imene tikufunika.

Chaka chotsatira

Inokulanti anagulidwa kwa wogulitsa yemwe uja, n'kupaka munda wonse mofanana. Soya atayamba maluwa tinakumba. M'mizere ya laimu munali timibulu tambiri chakumtunda kwa muzu, tofiirira mkati, ndipo pagalasi ubweya woyera unaoneka pa timizu tatsopano. Mizere yosathira kanthu inabwereza za chaka chatha. Ya manyowa okha inali pakatikati: mizu yotalikirapo, poti zoola za m'manyowa zimamanga aluminiyamu wina, koma timibulu tochepa ndipo tina toyera mkati. Kambulu koyera m'dothi la asidi kamakumbutsa za molybdenum, mchere umene puloteni yogwira nayitirojeni imaufuna ndipo umamangika pH ikatsika. Pamene panatsitsidwira matumba a laimu, masamba a kunsonga anachita chikasu pakati pa mitsempha. Laimu wopyola muyeso amamanga zinki ndi manganizi, ndiye mulu wotsala uziwazidwa, usasiyidwe pamodzi.

Chimene sichinathe chinaonekera m'Febuluwale kutachita ng'amba. Soya wa m'mizere ya laimu, ngakhale wobiriwira, ankafota dzuwa likafika pamutu, pamene wa pachulu ali chiimire. Titakumba mozama tinapeza muzu waukulu utatsika bwino m'dothi la mzere, koma pofika pa katondo wosagalauzidwa, pafupifupi chikhatho chimodzi ndi theka kuchokera pamwamba, unakhota n'kuyenda cham'mbali, nsonga yake yakuda ngati ya chaka chatha. Laimu satsika msanga. Tinali titakonza dothi la pamwamba lokha, lokwanira kuti bakiteriya alowe, koma losakwanira kuti muzu ukafike pa madzi apansi. Mvula itabwerera mbewu inadzuka, ndipo mizere ya laimu inabereka kuposa ina yonse moonekeratu, moti anthu a m'kalabu sanafunenso kulongosoleredwa.

Kwa anzanga a ntchito

Munda wa soya wachikasu muziyamba mwauyenda wonse musanakumbe, n'kufunsa za timalo tosiyana ndi anzake: chulu, pootchera, pakhola lakale. Ngati paketi imodzi yapanga timibulu apa n'kulephera mamita awiri kuchokera apa, kayikirani dothi musanakayikire paketiyo. Galasi lokuza kakhumi ndi lotchipa ndipo limalowa m'thumba la malaya. Nsonga ya muzu yotsukidwa bwino imakuuzani za asidi zotsatira za ku labu zisanabwere, ngakhale kuchuluka kwa laimu wofunika ndi labu yokha imene ingakuuzeni. Muzu wowonongeka ndi aluminiyamu ndi wamfupi, wonenepa, wopanda ubweya. Wosowa bakiteriya chabe umakhala wautali, waubweya, wongosowa timibulu. Ndi wachiwiriyu yekha amene inokulanti watsopano angamuthandize. Ndipo musasokoneze timibulu ndi zotupa za tinyongolotsi ta m'mizu: kambulu kamathothoka mukakakhudza ndi chala, chotupa ndi muzu womwewo wofufuma.

Pa mundawu tinagwirizana kuti mizere yotsala ithiridwe laimu pang'onopang'ono mmene ndalama za soya zikupezekera, mapesi azikwiriridwa m'malo mootchedwa, ndipo chimanga chikabwerera pa kasinthasintha chisamathiridwe sulphate of ammonia. Za dothi la pansi, tayamba kuyesa gypsum, mchere wokhala ndi kashiamu, pa mizere ingapo. Iye sakweza pH, koma amasungunuka msanga kuposa laimu n'kutsitsa kashiamu kunsi, ndipo ndi njira imene alimi a ku Cerrado ku Brazil amagwiritsa ntchito pa madothi ofiira a asidi kuti mizu ya soya izame. Mizere imeneyo tidzaikumba mpaka kupyola pamene muzu unakhotera.